Zipangizo Zamakono m'Kalasi la Ana Aang'ono: Kodi Zimalankhula Cinenero Canji?

1.0 Mau Oyamba

Pa misonkhano ya makolo ndi aphunzitsi, m'manyuzipepala ndiponso m'zolankhula za atsogoleri, mau akuti kompyuta, tabuleti ndi intaneti akumveka kaŵiri-kaŵiri masiku ano. Pali anthu amene amakhulupirira kuti sukulu ikangolandira zipangizo zotere ndiye kuti maphunziro a ana apita patsogolo. Palinso ena amene amatsutsa, nanena kuti mwana wokhala pansi, wopanda buku ndi pensulo, sangapulumutsidwe ndi kagalasi koŵala. Magulu aŵiriŵa amakangana pa za mtengo, magetsi ndi ciŵerengero ca zipangizo. Koma pali funso limene onse amalilumpha: kodi cipangizo cikafika m'kalasi cimalankhula ndi mwana m'cinenero canji, ndipo ndani amaima pambali pake pamene cikulankhula?

Colinga ca nkhani ino ndi kufotokoza cifukwa cake funso limeneli liyenera kukhala patsogolo. Tidzayang'ana maka-maka makalasi oyamba, kucokera Giredi 1 mpaka Giredi 4, m'mene mwana amaphunzira kuŵerenga ndi kulemba, ndipo zitsanzo zathu zambiri zidzacokera ku Cinyanja. Mfundo yathu ndi yakuti cipangizo cimathandiza mwana wamng'ono ngati cilankhula cinenero cimene iye amamva, ndiponso ngati mphunzitsi wake akudziŵa zimene cikucita. Zinthu ziŵirizi zikasoŵa, ndalama zimatha, zaka zoyamba za mwana zimadutsa, ndipo iye amafika Giredi 5 asanadziŵe kuŵerenga. Akulu-akulu anati m'mera mpoyamba.

2.0 Magulu Atatu a Zipangizo

Tisanapite patali tiyenera kukumbukira kuti kalasi silinakhalepo lopanda zipangizo. Pamene amishoni a Dutch Reformed Church anakhazikitsa malo ao ku Magwero, pafupi ndi Chipata, m'caka ca 1899, sileti ndi buku zinali zacilendo kwa makolo athu monga momwe tabuleti iriri kwa ife lero. Coko, bolodi, zithunzi za pakhoma ndi timitengo toŵerengera masamu, zonsezi ndi zipangizo zophunzitsira. Kwa munthu wa maphunziro a zinenero, zipangizo zingathe kugaŵidwa m'magulu atatu.

Gulu loyamba ndi la zipangizo zosalankhula, monga buku ndi bolodi. Izi zimasunga mau, koma zimadikira munthu kuti azipatse liu. Buku la Cingerezi likakhala m'manja mwa mphunzitsi wa ku Katete, iye amatha kulimasulira m'Ciceŵa nthaŵi yomweyo. Gulu laciŵiri ndi la zipangizo zimene zimalankhula koma sizimva, monga wailesi ndi wailesi yakanema. Gulu lacitatu ndi la zipangizo zimene zimalankhula, kufunsa funso ndi kudikira yankho la mwana, monga foni, tabuleti ndi kompyuta.

Kusiyana kumeneku n'kofunika cifukwa tikamacoka pa gulu loyamba kupita pa lacitatu, nchito ya pakamwa imacoka kwa mphunzitsi ndi kupita ku cipangizo. Cinenero cimene opanga anaikamo ndico cimene mwana adzamva. Mwana amene wavala zomvera m'makutu, maso ali pa tabuleti, alibenso womumasulira.

3.0 Cinenero Cophunzitsira m'Zambia

Funso la cinenero si lacilendo m'dziko lathu. M'nthaŵi ya atsamunda ana ankayamba sukulu m'zinenero za kwao, ndipo Cingerezi cinkabwera m'makalasi apamwamba. Bungwe la UNESCO, mu lipoti lake la 1953, linanenanso kuti mwana ayenera kuyamba maphunziro m'cinenero cobadwa naco. Koma dziko litalandira ufulu, Boma linasankha kuti Cingerezi cikhale cinenero cophunzitsira kuyambira Giredi 1, ndipo ganizoli linakhazikitsidwa mwa lamulo m'caka ca 1966. Cifukwa cacikulu cinali kufuna umodzi m'dziko la mitundu yambiri. Zikalata zosintha maphunziro za 1977 zinavomereza ubwino wa cinenero ca mwana, komabe zinasiya Cingerezi pa malo ake.

Zotsatira zake zinaonekera poyera m'zaka za m'ma 1990. Eddie Williams anayerekeza ana a caka cacisanu ca sukulu m'Zambia ndi m'Malaŵi, kumene panthaŵiyo Ciceŵa cinali cinenero cophunzitsira m'makalasi anayi oyamba. Iye anapeza kuti ana a ku Malaŵi ankaŵerenga Ciceŵa bwino kwambiri kuposa momwe ana a m'Zambia ankaŵerengera Cinyanja, koma pa kuŵerenga Cingerezi panalibe kusiyana kweni-kweni. Izi zikutanthauza kuti zaka zinayi zophunzira m'Cingerezi sizinapatse ana athu phindu pa Cingerezico, m'malo mwake zinawamana luso loŵerenga cinenero cao. Kafukufuku wa SACMEQ wa 1995 anaonetsanso kuti pafupi-fupi mwana mmodzi yekha mwa ana anayi a Giredi 6 ndiye ankafika pa mlingo wotsika wa kuŵerenga.

Ndondomeko ya Educating Our Future ya 1996 inatsegula khomo lakuti ana ayambe kuŵerenga m'zinenero za m'Zambia, ndipo Primary Reading Programme inayamba m'caka ca 1999. Kuyambira 2014 zinenero 7 za m'zigawo, ndizo Cibemba, Cikaonde, Cilozi, Cilunda, Ciluvale, Cinyanja ndi Citonga, zinakhala zophunzitsira kucokera Giredi 1 mpaka Giredi 4. Ndondomeko ya 2023, imene inayamba kugwira nchito m'caka ca 2025, inabwezera Cingerezi patsogolo monga cinenero cophunzitsira. Kaya ndondomeko ikhale yotani, mwana wa zaka 7 wa ku Chadiza amafika pa sukulu ndi cinenero cimene amaganiziramo, ndipo cinenero cimeneco si Cingerezi. Cipangizo ciri conse coloŵa m'kalasi lake cimaloŵa m'mbiri imeneyi.

4.0 Phunziro Locokera ku Wailesi

Wailesi ndico cipangizo colankhula cimene dziko lathu lakhala naco nthaŵi yaitali. M'caka ca 1949 kunabwera wailesi yotsika mtengo yochedwa Saucepan Special, yooneka ngati poto, ndipo anthu ambiri anaigula cifukwa nyumba youlutsira mau ya ku Lusaka inkalankhula m'zinenero za anthu, pamodzi ndi Cinyanja. Anthu anakopeka ndi mau odziŵika amene ankatuluka m'citsuloco.

Njira yophunzitsira ana pa wailesi mowapatsa mpata woyankha inayamba ku Nicaragua m'caka ca 1974, pamene akatswiri a ku Stanford University anakonza maphunziro a masamu. Mphunzitsi wa pa wailesi amafunsa funso, nakhala cete kwa kamphindi, ana nayankha, kuimba, kudumpha kapena kulemba. M'Zambia njira imeneyi inayamba m'caka ca 2000 ndi pulogalamu ya Learning at Taonga Market, imene inakonzedwa ndi nthambi ya Educational Broadcasting Services ya Unduna wa Zamaphunziro mothandizidwa ndi Education Development Center ndi USAID. Panthaŵiyo matenda a Edzi anali atasiya ana amasiye ambiri, ndipo malipiro a sukulu za pulaimale anali asanathetsedwe, popeza anathetsedwa m'caka ca 2002. Ana amene sanapeze malo pa sukulu ankasonkhana m'chalichi, pa khonde kapena pansi pa mtengo ndi kumvera phunziro la mphindi 30. Kumalo ambiri ankagwiritsa nchito wailesi yopukusa ndi dzanja kapena yodalira dzuŵa, yosafuna mabatire.

Cimene tifuna kuunikira apa ndi munthu amene ankaima pafupi ndi wailesiyo. Pa malo ali onse panali mlangizi wodzipereka wosankhidwa ndi anthu a m'deralo. Wailesi inkamuuza zocita, iye namasulira m'cinenero ca ana, kulemba pa bolodi, kuloza mwana woti ayankhe ndi kubwereza phunziro pulogalamu ikatha. Okonza maphunziroŵa ankadziŵa kuti wailesi siona nkhope ya mwana, conco anasiya dala mipata ya cete kuti munthu wamoyo aidzaze. Kumene mlangizi anali wakhama, ana ankaphunzira, ndipo pambuyo pake pulogalamuyi inaloŵanso m'sukulu za Boma. Kumene mlangizi analeka kubwera cifukwa cosoŵa malipiro, wailesi inkalankhula yokha. Cipangizo cinali cimodzi-modzi ponse-ponse, koma zotsatira zinkadalira womasulira.

5.0 Kompyuta, Foni ndi Tabuleti

Zipangizo za gulu lacitatu zayesedwa m'maiko ambiri. Pano tisankha zitsanzo zitatu zimene zinafufuzidwa mosamala, poyerekeza ana amene analandira cipangizo ndi anzao amene sanalandire.

5.1 Kugaŵa Makompyuta ku Peru

M'caka ca 2005 Nicholas Negroponte analengeza nchito ya One Laptop per Child. Ganizo lake linali lakuti mwana ali yense wa m'maiko osauka akapatsidwa kakompyuta kake, adzadziphunzitsa yekha zinthu zambiri. Dziko la Peru linagula timakompyuta toposa 800,000. M'caka ca 2012 Inter-American Development Bank inafalitsa zotsatira za kafukufuku wocitika m'sukulu 319 za kumidzi. Patatha miyezi 15, ana anali atadziŵa kugwiritsa nchito makompyutawo, ndipo panali kusintha pang'ono pa mayeso oyesa kaganizidwe, koma pa masamu ndi pa cinenero panalibe kupita patsogolo kooneka. Zipangizo zinafika, koma zinalibe maphunziro olumikizana bwino ndi silabasi, ndipo aphunzitsi ambiri sanakonzekeretsedwe mokwanira. Cikome-kome ca mkuyu, m'kati muli nyerere.

5.2 GraphoGame m'Sukulu za mu Lusaka

Citsanzo caciŵiri n'ca kwathu konkuno. GraphoGame ndi seŵero lophunzitsa kuŵerenga limene linapangidwa pa University of Jyväskylä ku Finland motsogoleredwa ndi Heikki Lyytinen. Mwana amamva liu m'makutu, nasankha lembo logwirizana nalo pakati pa malembo angapo ooneka pa galasi. Akalakwa, seŵero limabwereza. Akakhoza, limamupatsa zovutirapo. Seŵeroli linakonzedwanso m'Cinyanja mogwirizana ndi ofufuza a pa Yunivesite ya Zambia, ena mwa iwo Robert Serpell ndi Jacqueline Jere-Folotiya. Nchitoyi inatheka bwino cifukwa Cinyanja, monga cinenero ca ku Finland, cimalembedwa mofanana kwambiri ndi momwe cimamvekera.

Kafukufuku wofalitsidwa m'caka ca 2014 anakhudza ana a Giredi 1 m'sukulu 42 za mu Lusaka, amene anaseŵera pa mafoni a m'manja. Ana amene anaseŵera anacita bwino pa mayeso olemba mau kuposa anzao, ndipo phindu linaoneka kwambiri pamene ana pamodzi ndi aphunzitsi ao onse anagwiritsa nchito seŵerolo.

Ofufuza a nchito imeneyi anaonanso vuto limene mphunzitsi ali yense wa Cinyanja ayenera kulidziŵa, ndilo kusokoneza maina a malembo a m'Cingerezi ndi maliu a m'Cinyanja. Dzina la lembo E m'Cingerezi limamveka ngati i wa m'Cinyanja, ndipo dzina la lembo A limayamba ndi liu lofanana ndi e. Mwana amene analoŵeza alifabeti m'Cingerezi ku sukulu ya mkaka angathe kulemba ena pamene akufuna kulemba ine. Mwanayo sali wopusa. Akutsatira mokhulupirika zimene anaphunzitsidwa. Popeza seŵero limasunga yankho liri lonse, limaonetsa malembo amene mwana ali yense akusokoneza, cinthu cimene mphunzitsi wa kalasi lodzaza sangacione msanga. Iyi ndi nchito imene cipangizo cimaicita bwino kuposa munthu. Koma mphunzitsi amene iye mwini amachula malembo m'Cingerezi amafafaniza masana zimene seŵero linaphunzitsa m'maŵa.

5.3 Matabuleti a Ciceŵa ku Malaŵi

Ku Malaŵi bungwe la onebillion, mogwirizana ndi VSO ndi Unduna wa Zamaphunziro wa dzikolo, linakonza maphunziro a pa tabuleti olankhula Ciceŵa. M'caka ca 2015 Nicola Pitchford wa pa University of Nottingham anafalitsa kafukufuku wocitika pa sukulu ina ya pulaimale mu Lilongwe. Ana anagaŵidwa m'magulu atatu: ophunzira masamu pa tabuleti, ogwiritsa nchito tabuleti pa zinthu zina, ndi ophunzira mwa nthaŵi zonse. Patatha masabata 8, ana a Sitandade 2 ndi 3 a m'gulu loyamba anaposa anzao pa masamu. Gulu laciŵiri ndilo lofunika kwa ife, cifukwa linaonetsa kuti kungogwira tabuleti sikuphunzitsa masamu. Cimene cinaphunzitsa ndi zimene zinali m'kati: maphunziro otsatira silabasi, oyenda pang'ono-pang'ono, m'cinenero ca ana. M'caka ca 2023 Boma la Malaŵi linayamba nchito ya BEFIT, imene colinga cake ndi kufikitsa matabuleti otere, odalira mphamvu ya dzuŵa, m'sukulu zonse za pulaimale za Boma.

Zitsanzo zitatuzi zikaikidwa pamodzi zimagwirizana ndi lipoti la UNESCO la 2023 lonena za zipangizo zamakono m'maphunziro. Lipotilo linacenjeza kuti umboni wosakondera pa nkhaniyi ndi wocepa, kuti wambiri umacokera kwa ogulitsa zipangizo, ndiponso kuti cipangizo ciyenera kuthandiza mphunzitsi osati kuloŵa m'malo mwake.

6.0 Mavuto Atatu a Cinenero

Munthu angathe kunena kuti yankho n'lapafupi: tiyeni tiike Cinyanja m'matabuleti. Ena anayamba kale. Kampani ya iSchool ya mu Lusaka inapanga tabuleti ya ZEduPad yokhala ndi maphunziro a pulaimale m'Cingerezi ndi m'zinenero za m'Zambia. Koma mau akuti kuika Cinyanja m'cipangizo amabisa mavuto atatu.

6.1 Cinyanja Citi?

Cinyanja ca m'mabuku a sukulu cimatsamira pa Ciceŵa. Mwana wa ku Katete kapena ku Chadiza amacimva mosavuta. Koma m'Cigawo ca Kum'maŵa mulinso Cinsenga ku Petauke ndi Nyimba, Citumbuka ku Lundazi ndi Cikunda ku Mambwe, ndipo mu Lusaka ana amalankhula Cinyanja ca m'tauni. Taonani zitsanzo izi, mau a m'buku kumanzere ndi a mu Lusaka kumanja:

(1) madzi : manzi
anthu : bantu
tsopano : manje
ndifuna : nifuna
kwambiri : maningi

Geoffrey Tambulukani ndi Adriana Bus, mu kafukufuku wao wa 2012, anaonetsa kuti ana amene cinenero cao ca tsiku ndi tsiku cimasiyana ndi ca m'kalasi amavutika kwambiri pophunzira kuŵerenga. Mphunzitsi wanzeru akaona nkhope zozizwa amati, "Madzi, ndiye kuti manzi," napitiriza. Tabuleti siona nkhope. Ikaonetsa cithunzi ca madzi ndi kufunsa lembo losoŵa pakati pa mauwo, mwana wa ku Kanyama adzasankha n, ndipo cipangizo cidzamuuza kuti walakwa popanda kumuuza cifukwa cake.

6.2 Kalembedwe

Popeza ku Malaŵi kuli kale maphunziro abwino a pa tabuleti, ndi kwacibadwa kuganiza zowabwereka. Pa masamu vuto lingakhale locepa, koma pa kuŵerenga tiyenera kusamala, cifukwa kalembedwe kovomerezedwa m'Zambia m'caka ca 1977 kamasiyana ndi ka ku Malaŵi. Kumanzere kuli kalembedwe kathu, kumanja ka ku Malaŵi:

(2) cala : chala
cimanga : chimanga
nchito : ntchito
kucedwa : kuchedwa
kuchedwa : kutchedwa

Mizere iŵiri yotsiriza ikuonetsa kukula kwa vuto. Mau olembedwa kuti kuchedwa amatanthauza kusafika pa nthaŵi yake ku Malaŵi, pamene kwathu kuno amatanthauza kupatsidwa dzina. Munthu wamkulu wodziŵa kale kuŵerenga amazoloŵera msanga. Mwana wa Giredi 1, amene akuphunzira kumene kuti lembo liri lonse liri ndi liu lake, amasokonezeka ngati tabuleti ikuti ch ndipo buku likuti c. Makina omasulira a pa intaneti nawonso sathetsa vutoli. Google Translate inaikamo Ciceŵa m'caka ca 2014, ndipo imalemba m'kalembedwe ka ku Malaŵi. Palinso tizinthu tooneka ngati tating'ono: lembo ŵ silipezeka msanga pa makiyibodi ambiri, ndipo foni yokonzedwera Cingerezi imasintha mau a Cinyanja poganiza kuti wolemba walakwitsa.

6.3 Kamvekedwe

Vuto lacitatu ndi la khutu. M'Cinyanja kampweya kotsatira p, t ndi k kamasintha tanthauzo: pala si phala, ndipo kola si khola. Mwana amaphunzira kulemba h ngati wamva kampweyako. Ngati mau anajambulidwa ndi munthu amene Cinyanja si cinenero cake, kapena ngati zomvera m'makutu ziri zosalongosoka m'kalasi laphokoso, kusiyanaku kumatayika.

Cinanso ndi kukweza ndi kutsitsa liu, kumene sitikulemba. Mau akuti mtengo angatanthauze comera ca m'thengo kapena ndalama zogulira cinthu. Khungu lingakhale cikopa ca munthu kapena kusaona. Wobadwa naco cinenero amasiyanitsa mauŵa pochula, mothandizidwa ndi ciganizo conse. Makina amene amasandutsa zolembedwa kukhala mau amangoona malembo, ndipo ngati sanaphunzitsidwe ndi mau oculuka a eni cinenero amachula mwa cilendo. Kwa mwana wa zaka 7 amene akumva mau amenewo tsiku ndi tsiku, kachulidwe ka makina kamasanduka citsanzo. Pa cifukwa cimeneci, maphunziro a makalasi oyamba ayenera kujambulidwa ndi mau a anthu, ndipo anthuwo akhale eni cinenero.

7.0 Malo a Mphunzitsi

Sitikukana kuti pali mavuto ena amene sali a cinenero. Masukulu ambiri a kumidzi alibe magetsi, ndipo cilala ca 2024 citacepetsa madzi ku Kariba, ngakhale mu Lusaka magetsi ankazima maola ambiri pa tsiku. Masukulu atatsekedwa mu Marichi 2020 cifukwa ca mliri wa Covid-19, maphunziro anaulutsidwa pa wailesi, pa wailesi yakanema ndi pa intaneti, koma ana a m'mabanja opanda zipangizo zimenezi anangokhala. Mavuto otere amaoneka ndi maso, ndipo ndalama zikapezeka angathe kucepa. Vuto la mphunzitsi wosakonzekeretsedwa ndilo lobisika.

Poyendera masukulu taonapo makompyuta ofundidwa nsalu mu ofesi ya mphunzitsi wamkulu. Titafunsa cifukwa cake, tinauzidwa kuti palibe amene anaphunzitsidwa kagwiritsidwe kake, ndipo ali yense ankaopa kuti cina cikaonongeka mlandu udzagwera iye. Sitingawadzudzule aphunzitsi amenewo. Munthu sapatsidwa khasu lacilendo m'maŵa ndi kufunsidwa mizere madzulo.

Zitsanzo zonse zimene tafotokoza zikuloza kumodzi. Ku Taonga Market mlangizi ndiye ankamasulira. Mu GraphoGame phindu linakula pamene mphunzitsi anaseŵeranso. Ku Peru, kumene ambiri ankayembekeza kuti mwana adzadziphunzitsa yekha, masamu ndi cinenero sizinasinthe. Cipangizo cimatha kubwereza liu limodzi kambiri-mbiri osatopa, kupatsa mwana ali yense nchito ya pa msinkhu wake ndi kusunga zolakwa zake. Koma kudziŵa kuti mwana uyu amalankhula Cinsenga kunyumba, kuti uyo sanadye, kuti winayo akuopa kufunsa, imeneyi ndi nchito ya mphunzitsi. Tsopano pamene Cingerezi cabwereranso patsogolo m'makalasi oyamba, zipangizo zambiri zogulitsidwa ku masukulu zidzakhala za Cingerezi cokha-cokha, popeza n'zosavuta kupeza. Pamenepo udindo wa mphunzitsi monga womasulira udzakula koposa kale.

8.0 Mau Otsiriza

Kucokera pa zimene takambirana, tikupereka maganizo anayi. Coyamba, sukulu kapena ofesi iri yonse isanalandire cipangizo ca makalasi oyamba, ifunse cinenero cimene ciri m'kati, kalembedwe kamene katsatidwa, ndiponso amene anajambula mau. Caciŵiri, pa ndalama zogulira zipangizo pakhale gawo lophunzitsira aphunzitsi, ndipo maphunzirowo ayambe ndi maliu a malembo a zinenero zathu, osati ndi mabatani okha. Cacitatu, opanga maphunziro a Cinyanja aganizire ana a mu Lusaka, Petauke ndi Lundazi, mwa kuika zithunzi ndi mafotokozedwe othandiza mwana kucoka pa mau a kwao kupita pa mau a m'buku. Cacinayi, wailesi isatayidwe cifukwa cakuti ndi yakale, popeza imafika kumene intaneti siinafike ndipo mtengo wake ndi wocepa.

Palinso udindo umene uli pa ife eni, aphunzitsi a zinenero m'mayunivesite ndi m'makoleji. Opanga mapulogalamu a kompyuta amafuna mndandanda wa mau oyenera msinkhu wa mwana, dongosolo la maphatikizo a malembo kucokera pa osavuta monga ma kufika pa ovuta monga nkhwa, nthano zazifupi zolembedwa bwino, ndi mau ojambulidwa a eni cinenero. Zinthu zimenezi sizidzacokera kunja. Tikapanda kuzikonza, opangawo adzatenga zimene apeza pafupi, ndipo ana athu adzaphunzira Cinyanja comasuliridwa ndi makina. Tifunikanso kugwirizana ndi anzathu a ku Malaŵi ndi ku Mozambique pa nkhani ya kalembedwe, kuti nchito yocitika mbali imodzi ya malire ithandize ana a mbali inayo.

Akale anati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa, ndipo sitikayika kuti zipangizo zamakono zabwera ndi luso limene kalasi la coko ndi bolodi linalibe. Tiyenera kuzilandira. Koma muyeso wake usakhale ciŵerengero ca matabuleti ogaŵidwa pa mwambo. Muyeso ukhale wakuti, pakutha pa Giredi 2, mwana wa ku Chadiza kapena wa ku Kanyama atenge kabuku ka m'cinenero cake, aŵerenge ndime imodzi mokweza, ndi kufotokozera anzake zimene waŵerengazo.